Malungo: zimene zimachitika m'thupi, ndi chifukwa chake kuchedwa kumapha

Malungo tawazolowera mpaka tinasiya kuwaopa. Munthu akadzuka mutu ukuwawa, m'thupi mukuphwanya, amangoti "ndi kamalungo chabe," n'kutuma mwana kugolosale kukagula panado. Nthawi zambiri munthu wamkulu amadzukadi pakapita masiku, ndipo zimenezi n'zimene zimatinamiza. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likusonyeza kuti m'chaka cha 2023 chokha anthu pafupifupi 263 miliyoni anadwala malungo, ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira. Mwa anthu 100 aliwonse amene anamwalira, 95 anali a mu Africa muno, ndipo atatu mwa anayi aliwonse a iwowa anali ana osakwana zaka zisanu. Chowawa n'chakuti matendawa amachizika, ndipo m'zipatala za boma ku Malawi kuno kuyezetsa ndi mankhwala omwe n'zaulere. Ambiri amene timawataya amaphedwa ndi masiku amene amadutsa kuchokera pamene thupi layamba kutentha kufikira pamene afika kwa munthu wodziwa kuyeza. Kuti zimveke chifukwa chake masiku awiri okha angasinthe zinthu chonchi, tiyenera kukatsatira kachirombo kameneka kuyambira pamene kalowera.

Si udzudzu uliwonse umene umapatsa malungo. Wofalitsa matendawa ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles, ndipo umaluma chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Waumuna umangoyamwa timadzi ta m'zomera. Ku Malawi kuno mitundu yovutitsa kwambiri ndi itatu: Anopheles funestus, Anopheles gambiae ndi Anopheles arabiensis. Mukaupeza utatera pakhoma m'mawa, muuyang'anitsitse. Wa malungo umatera mozyolika, mutu pafupi ndi khoma, kumbuyo kutaloza kunja, pamene udzudzu wamba wa Culex umatera thupi lili chogona. Culex ndi uja umaswana m'ngalande za madzi onyansa ndi m'zimbudzi za m'tauni, umatisowetsa tulo ndi kulira kwake, koma supatsa malungo. Anopheles umakonda madzi oyererako: zithaphwi za mvula zoombedwa ndi dzuwa, maenje amene anasiyidwa poumba njerwa, mmene mwaponda ng'ombe kudambo, m'minda ya mpunga. Funestus umakonda madzi okhalitsa a udzu ndi mabango, n'chifukwa chake m'maboma a kunyanja monga Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, komanso kuchigwa cha Shire, malungo satha ngakhale m'chilimwe. Kumapiri kozizira kachiromboka kamachedwa kukhwima m'mimba mwa udzudzu, ndipo matendawa amacheperako.

Amishoni a Livingstonia anaziona zimenezi asanadziwe chifukwa chake. Anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawapululutsa anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka anakwera phiri kupita ku Khondowe mu 1894. Kachirombo koyambitsa matendawa kanali kataoneka kale m'magazi a wodwala mu 1880, pamene dokotala wa ku France, Alphonse Laveran, ankagwira ntchito ku Algeria. Koma zoti udzudzu ndiwo umakanyamula zinatsimikizika mu 1897, kudzera m'kafukufuku wa Ronald Ross ku India. Mpaka lero alipo amene amati malungo amabwera chifukwa chonyowa ndi mvula kapena kudya mango osapsa ndi chimanga chachiwisi. Maganizowa ali ndi pochokera, poti zonsezi zimachitika nyengo imodzi ndi kuchuluka kwa udzudzu. Mango alibe mlandu.

Ulendo wa kachirombo m'thupi

Kachiromboka dzina lake ndi Plasmodium. Mitundu yake yodwalitsa anthu ilipo isanu, koma umene uli ponseponse kwathu kuno, womwenso ndi woopsa kuposa yonse, ndi Plasmodium falciparum. Udzudzu ukaluma umalavulira malovu pakhungu kuti magazi asaundane pamene ukuyamwa, ndipo m'malovumo ndi mmene mumakhala tizirombo. Timalowa m'mitsempha n'kulunjika kuchiwindi. Kumeneko timabisala pafupifupi sabata yathunthu, kachirombo kamodzi n'kuswana kukhala masauzande ambirimbiri. Nthawi yonseyi munthu samva chilichonse. Amapita kumunda, mwana amasewera, ndipo ngakhale atayezedwa magazi sangapezeke ndi kanthu.

Tikatuluka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira a magazi, aja amene amanyamula mpweya wabwino kupita nawo m'thupi lonse. Kachirombo kamodzi kamalowa m'selo limodzi, kamadya zam'kati mwake, kamaswana kukhala toposa khumi, kenaka selolo limaphulika ndipo tonse timakalowa m'maselo ena atsopano. Kwa falciparum zimenezi zimatenga maola pafupifupi 48. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kwa mwana kapena munthu amene thupi lake silinazolowere kulimbana ndi malungo, chiwerengero cha tizirombo chikhoza kuchuluka kakhumi masiku awiri aliwonse. Amene Lolemba anali ndi tochepa, Lachisanu angakhale ali ndi tochuluka ka 100. Maselo akamaphulika amatayira zinyalala m'magazi, thupi limayankha ndi kunjenjemera, kutentha, kenaka thukuta, ndipo kutenthako kukatsika munthu amaganiza kuti wachira. Sanachire ayi, tizirombo tangolowa m'maselo ena. Zizindikiro zoyamba zimaoneka kawirikawiri pakatha masiku 10 mpaka 15 chilumidwire.

Falciparum ili ndi khalidwe lina limene mitundu inayo ilibe kwenikweni. Kapamba ndi chiwalo chimene chimasefa magazi n'kuchotsa maselo owonongeka. Pofuna kuzemba kapamba, kachiromboka kamachititsa kuti selo limene kalowamo likhale lomata, ndipo limakakamira m'mbali mwa timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, m'mapapo, mu impso, kapena mu nsengwa ya mayi woyembekezera. Timitsemphato tikadzaza, magazi sayenda bwino ndipo chiwalocho chimayamba kuvutika. Malungo aakulu amayambira pamenepa. Kapamba nayenso amagwira ntchito mopitirira muyeso mpaka kutupa, ndipo ana ambiri a m'madera a malungo amakhala ndi chotupa cholimba kumanzere pansi pa nthiti. Kutema mphini pamenepo sikuchotsa chimene chatupitsa.

Tizirombo tina tochepa sitiswana, timangoyandama m'magazi kudikira udzudzu wina. Ukaluma munthuyo n'kutimeza, timakula m'mimba mwake kwa masiku khumi kapena kupitirira, kenaka timasamukira m'malovu, ndipo udzudzuwo umakhala wokonzeka kupatsira wina. Kafukufuku wa kum'mwera kwa Malawi anapeza kuti ana a msinkhu wa kusukulu ndi amene amapezeka kwambiri ndi tizirombo m'magazi, ambiri osadwala n'komwe, ndiponso ndi amene sagona m'neti kawirikawiri. M'nyumba zambiri neti imapita kwa mayi ndi khanda, wa sitandade 5 n'kumagona pamphasa poyera. Udzudzu umene waluma iyeyo ndi womwewo udzalume khandalo.

Zizindikiro, ndi zimene siziyenera kudikira kuti kuche

Malungo akamayamba alibe chizindikiro chawochawo. Kutentha thupi, kuzizidwa, mutu, kuphwanya m'mfundo, kufooka, nseru, kusanza, kusowa chilakolako cha chakudya, nthawi zina kutsegula m'mimba kapena kutsokomola, makamaka kwa ana. Zonsezi zimapezekanso pa chimfine, chibayo, tayifodi, matenda a m'chikhodzodzo, ndi matenda oumitsa khosi. Palibe dokotala, kaya akhale wodziwa chotani, amene angatsimikize malungo pongogwira pachipumi.

Koma pali zizindikiro zina zimene kholo lililonse liyenera kuzisunga pamtima, chifukwa zikaoneka ndiye kuti matenda afika poipa. Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa chilichonse. Akamasanza chilichonse chimene wapatsidwa. Akachita linjirinjiri, kapena maso akatembenuka. Akalefuka mpaka kulephera kukhala tsonga, kapena akamagona tulo tovuta kumudzutsa. Akamapuma mothamanga kapena mokoka kwambiri. Zikhatho, lilime ndi m'kati mwa zikope zikayera, chomwe chimasonyeza kuti magazi achepa. Maso akachita chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka kapena ukasiya kutuluka. Kwa wamkulu, kubwebweta ndi kusokonezeka mutu. Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kunyamuka nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya kabaza akwera mtengo chotani.

Linjirinjiri ndi limene limasocheretsa mabanja ambiri. Mwana amene dzulo ankasewera lero wauma, thovu kukamwa, ndipo anthu amayamba kufunsana kuti kodi wam'chita ndani. Ena amathamangira kwa sing'anga, ena amafukiza utsi, ena amam'kanula kukamwa ndi supuni. Chofunika panthawiyo ndi kum'goneka chammbali, osamuika kanthu m'kamwa, osam'mwetsa chilichonse mpaka atatsitsimuka, n'kuthamanga naye kuchipatala. Amene akufuna kupemphera apemphere ali m'njira.

Zambiri zimene dziko lonse limadziwa za malungo a mu ubongo mwa ana zinaphunziridwa ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukomoka kwa mwana amene sanayambe kulankhula, imene mpaka pano imatchedwa Blantyre Coma Score. Dokotala amaona zinthu zitatu: ngati maso a mwanayo akutsatira nkhope ya mayi ake, mmene akulirira akam'tsina, ndi ngati akukankha dzanja limene likum'pweteka. Mwana amene ali bwino amapeza 5. Akapeza 2 kapena kutsika, ndiye kuti wakomoka kwenikweni. Komwekonso madokotala anapeza kuti poyang'ana kuseri kwa diso ndi kagalasi kounikira, amatha kuona zizindikiro zosiyanitsa malungo a mu ubongo enieni ndi matenda ena. Zimenezi zinali zofunika, chifukwa kafukufuku amene anatuluka mu 2004 anasonyeza kuti pafupifupi mmodzi mwa ana anayi amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo anali atafa ndi matenda ena, tizirombo ta malungo tinangopezeka nawo m'magazi. Mu 2015 anatulutsa zotsatira za kujambula ubongo wa ana 168 ndi makina a MRI. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo ukatupa m'chigaza umasowa kolowera, umapanikiza mbali imene imayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Ngakhale ndi chithandizo chabwino, ana oposa 15 mwa 100 aliwonse ofika pamenepa amamwalira, ndipo ena mwa opulumuka amatsala ndi khunyu, kulumala, kapena kuvutika kuphunzira.

Ana ena satengedwa ndi ubongo koma ndi kutha kwa magazi, makamaka amene akhala akudwaladwala malungo osachira bwinobwino. Ena shuga wa m'magazi amatsika kwambiri, chifukwa sakudya pamene tizirombo tikudyanso shuga yemweyo. Akuluakulu nthawi zambiri zimawagwira impso ndi mapapo.

Kuyezetsa

Kuyambira mu 2010, WHO imalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayezedwe kaye asanapatsidwe mankhwala, ndipo dziko la Malawi linafalitsa tizipangizo toyezera mwachangu m'zipatala zake mu 2011. Kachipangizoka ndi kapulasitiki koyera kotalika ngati chala. Wachipatala amapukuta chala chanu, amabaya pang'ono, amatenga kadontho ka magazi n'kukadonthezera pakabowo, kenaka amathira madontho a timadzi tapadera pakabowo kena. Mumadikira mphindi 15 kapena 20, malinga ndi mtundu wake. Pakawindo pakatuluka mzere umodzi pa chilembo C, malungo palibe. Pakatuluka mizere iwiri, ngakhale wachiwiriwo ukhale wosaoneka bwino, malungo alipo. Mzere wa pa C ukapanda kutuluka, kachipangizoko sikanagwire ntchito ndipo ayenera kuyezanso. M'midzi yambiri yakutali ndi chipatala, alangizi a zaumoyo amayeza ana osakwana zaka zisanu pakiliniki ya m'mudzi n'kuwapatsa mankhwala pomwepo.

Kachipangizoka sikaona kachirombo kenikeniko, kamangozindikira puloteni imene kachiromboko kamatulutsa. Puloteniyo imatsalira m'magazi kwa masabata angapo munthu atachira. Choncho amene wamaliza mankhwala sabata yatha akayezedwanso ndi kachipangizo komweko, mizere iwiri ikhoza kutulukabe ngakhale tizirombo tonse titafa. Zikatero pamafunika njira ina ija yoika magazi pagalasi n'kuwaona pa maikulosikopu, imene imaonetsa tizirombo teniteni, mtundu wake ndi kuchuluka kwake.

Vuto lalikulu limene ndimaliona ndi kukana zotsatira. Munthu wauzidwa kuti malungo sanapezeke, iye n'kutuluka akudandaula kuti "makina awo ndi abodza, ine thupi langa ndimalidziwa," n'kukagula mankhwala a malungo a LA kufamase. Ngati chikum'dwalitsa ndi tayifodi kapena chibayo, wataya masiku atatu akumwa mankhwala osagwirizana ndi matenda ake. Akakuuzani kuti malungo palibe, funso loyenera ndi lakuti, "Nanga chikutenthetsa thupi n'chiyani?" Ndipo kutenthako kukapitirira tsiku limodzi kapena awiri, bwererani akayezenso, chifukwa tsiku loyamba tizirombo tikhoza kukhala tochepa kwambiri moti sitinaoneke. Kumbali inayi, kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti palibenso china. Mwana akhoza kukhala ndi malungo ndi chibayo nthawi imodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kufotokoza zonse zimene mwaona, osangoti "watentha thupi" basi.

Mankhwala

Amene anakula zaka za m'ma 1980 amakumbukira kuwawa kwa chloroquine ndi kuyabwa kumene ankabweretsa. Mankhwalawa anali otsika mtengo ndipo ankagwira ntchito, kufikira tizirombo titawazolowera. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri timawadziwa kuti Fansidar. Sipanapite zaka zambiri, nayenso Fansidar anayamba kulephera, ndipo mu 2007 boma linasinthira ku LA. Mbiri imeneyi ikutiuza kuti mankhwala a malungo amatha mphamvu, ndipo chimodzi mwa zimene zimafulumizitsa zimenezi ndi mmene timawamwera.

LA ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi lachikasu, lumefantrine ndi artemether. Artemether amachokera ku artemisinin, amene wasayansi wa ku China, Tu Youyou, ndi anzake anam'peza m'chitsamba china mu 1972, ntchito imene inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2015. Artemether ndi wachangu: amapha tizirombo tochuluka m'maola ochepa, koma amatha msanga m'thupi. Lumefantrine ndi wochedwa koma amakhalitsa masiku angapo. Zili ngati anthu awiri popalira, wina patsogolo akugwetsa udzu ndi khasu, mnzake pambuyo akuzula umene watsalira m'mapando. Mukasiya mankhwala tsiku lachiwiri chifukwa mwapezako bwino, wapambuyo uja sanamalize ntchito yake, ndipo tizirombo totsalato ndi tija tolimba kwambiri.

Mankhwalawa amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Koyamba ndi nthawi imene mwalandira, kachiwiri pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatirawo. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera kulemera kwa munthu: wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo wa 35 kupita m'tsogolo anayi. Ndiye paketi ya wamkulu imakhala ndi mapiritsi 24, ya mwana wamng'ono 6. Paketi imodzi ndi ya munthu mmodzi. Kugawira ana awiri paketi ya mmodzi, kapena kusungako "a tsiku lina," ndi kusiya onse osachira.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sauzidwa pawindo lolandirira mankhwala chifukwa cha kutalika kwa mzere. Lumefantrine salowa bwino m'magazi m'mimba mukakhala mopanda mafuta. Wodwala adyeko kanthu ka mafuta pang'ono pomwa mankhwalawa: phala lothira nsinjiro, mkaka, peyala, kapena ndiwo zokazingira. Kwa khanda, bere ndi lokwanira. Akasanza pasanathe theka la ola chimwereni, ayenera kumwanso, ndipo mubwerere kuchipatala akakupatseni olowa m'malo mwa amene atayikawo. Akamasanzabe, ndiye kuti mapiritsi sangathandize, akufunika jakisoni. Panado amatsitsa kutentha ndi kuchepetsa ululu, ndipo ndi wothandiza pambali pa LA, koma sapha kachirombo ngakhale kamodzi. Asipirini musapatse ana. Masamba a nimu ndi zitsamba zina zowawa zilibe mlingo wodziwika, ndipo palibe umboni wakuti zimachotsa falciparum m'magazi a mwana. Pakatha masiku atatu wodwala asakusintha, kapena akayamba kuipiraipira nthawi ina iliyonse, bwererani naye ndi buku lake la kuchipatala. Alipo mankhwala ena amene amaperekedwa LA akalephera.

Malungo aakulu amachizidwa munthu atagonekedwa, ndi jakisoni wa artesunate wolowera mumtsempha kapena m'mnofu: pofika, pakatha maola 12, pakathanso maola 24 chiyambireni, ndipo wodwala akatha kumeza amamaliza ndi LA wa masiku atatu. Kale ntchito imeneyi inali ya kwinini wa m'diripi, uja woliza m'makutu. Kafukufuku wamkulu wa ana a m'maiko angapo a mu Africa amene anatuluka mu 2010 anapeza kuti artesunate amachepetsa imfa ndi pafupifupi 22 pa 100 poyerekeza ndi kwinini. Pambali pa jakisoniyo, wodwala angafunike kuwonjezeredwa magazi, shuga wa m'diripi, mpweya, ndi mankhwala oletsa linjirinjiri. Kumene chipatala chili kutali, mwana wosakwana zaka 6 akhoza kuikidwa artesunate wolowetsa kumalo ochitira chimbudzi asananyamuke. Ameneyu amangogula nthawi ya ulendo. Mwana akatsitsimuka m'njira, musabwerere kunyumba, pitirizani mpaka mukafike.

Lero pali nkhawa yatsopano. Tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin, timene tinayamba kuoneka ku Cambodia, tsopano tatsimikizika ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. LA akugwirabe ntchito, koma Tanzania ndi mnansi wathu, ndipo pakali pano mankhwala ambiri odalirika a falciparum amatsamira pa artemisinin yemweyo. Aliyense womwa LA osayezetsa, kapena wosiyira panjira, akuthandiza kufupikitsa moyo wa mankhwala amene ana athu adzawafune.

Amayi oyembekezera

Mayi amene wakhala zaka zambiri osadwala malungo kwenikweni amakhalanso pachiopsezo akatenga pakati, makamaka pa mimba yoyamba ndi yachiwiri. Tizirombo timakamatirira mu nsengwa, mwina iye osamva kutentha kulikonse, mwinanso osapezeka poyeza magazi a pachala. Zotsatira zake ndi kuchepa kwa magazi kwa mayi, kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena mwana wobadwa wochepa thupi. N'chifukwa chake kusikelo amapereka mapiritsi atatu a Fansidar kuti mayi amwe pamaso pa namwino, kuyambira mimba ikakwana masabata 13, mwezi uliwonse, kosachepera katatu asanachire. Fansidar anasiya kudalirika pochiza, koma pa ntchito yoteteza mimbayi akuthandizabe. Mayi amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku chifukwa cha HIV sayenera kumwanso Fansidar, popeza mankhwala awiriwa ndi a gulu limodzi. Woyembekezera akatentha thupi asagule mankhwala yekha, ndipo anene kuti ali ndi pakati ngakhale mimba isanaoneke, kuti wachipatala asankhe mankhwala oyenera.

Za kupewa sindichulukitsa, poti neti tonse timaidziwa. Chofunika ndi kugonamo usiku uliwonse, chaka chonse, aliyense m'nyumba, n'kusoka pamene yang'ambika. Udzudzu wa kwathu kuno unayamba kupirira mankhwala akale a m'maneti, n'chifukwa chake maneti amene akugawidwa zaka zino amakhala ndi mankhwala owonjezera. Neti imene yapita kukatchinga dimba kapena kukakokera usipa yasiya munthu wina poyera.

Katemera ndiye nkhani yatsopano, ndipo Malawi ali pachiyambi pake. Pa 23 Epulo 2019 dziko lino linakhala loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa RTS,S kwa ana kudzera kusikelo, m'maboma 11, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. WHO inavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, ndi wina wotchedwa R21 mu Okutobala 2023. M'madera amene anayesedwa m'maiko atatuwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100. Ku Malawi mwana amabayidwa kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyu ndi amene amaiwalika, chifukwa pofika nthawiyo mwana akuyenda ndipo makolo ambiri asiya kupita naye kusikelo. Katemerayu amachepetsa chiopsezo koma sachichotsa chonse. Mwana wobayidwa akatentha thupi ayezedwe monga wina aliyense.

Gulu lina limene limadzinamiza ndi la abale athu okhala kunja. Mphamvu yolimbana ndi malungo imene munthu wamkulu wa ku Nkhotakota ali nayo imabwera chifukwa cholumidwa chaka ndi chaka, ndipo imafwifwa akakhala nthawi yaitali kumalo kopanda malungo. Amene wakhala zaka ku Johannesburg, ku London kapena ku Dublin akabwera kumudzi pa Khirisimasi, nyengo imene udzudzu wayamba kuchuluka, thupi lake silikhalanso lija anachoka nalo. Ana ake obadwira kunjako alibiretu chitetezo chilichonse. Asananyamuke aonane ndi dokotala awapatse mankhwala oteteza apaulendo, monga Malarone kapena doxycycline malinga ndi msinkhu ndi thanzi la munthu, ndipo awamwe mpaka masiku onse amene auzidwa atabwerera. Akatentha thupi atabwerera, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Dokotala wa kumalo kumene malungo sapezeka akhoza kuganiza za chimfine, choncho mawu oyamba polowa m'chipinda chake akhale akuti mwangochokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, ndipo mukupempha kuyezedwa malungo.